Ndikusiya PhD yanga, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino

Ndikusiya PhD, digiri ija ya kafukufuku imene munthu akamaliza amatchedwa Dokotala. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene mumandidziwa musavutike kuwerenga mpaka pansi kufufuza kuti kodi mayiyu akufuna kunena chani. Kalata ndalemba kale, supavaiza wanga akudziwa, abwana kuntchito akudziwa, abambo akunyumba akudziwa, amayi anga ku Ntcheu ndinachita kukwera basi kukawauza pamaso. Chatsala nde ichi, kufotokoza mmene ndafikira pamenepa, chifukwa nthawi yonse imene ndimalimbana ndi maganizowa ndinkalakalaka munthu wa kuno kwathu amene anadutsamo atalankhula poyera. Omaliza timawaona, zithunzi za gauni yofiira zimadzadza pa Facebook ndipo timawayamikira ndi mtima wonse, koma osiya amangoti zii, ukawafunsa amangoti "ikuyenda, ikuyenda" mpaka anthu kuiwala kuti analembetsapo.

Kwa amene simundidziwa, ndimaphunzitsa pa koleji ina kuno ku Mzuzu, ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu amene akufuna kudzakhala aphunzitsi. Kafukufuku wanga anali wa chiyankhulo cha mkalasi, Sitandade 1 mpaka 4, msukulu za kumidzi ku Mzimba ndi ku Rumphi. Mutu umenewu sindinachite kuutola mbuku ayi. Ine Chichewa nde chimene ndinayamwa, kusukulu sindinavutikepo, zimene amayi ankalankhula pophika ndi zomwezo aphunzitsi ankalankhula mkalasi. Nditakwatiwa ku Rumphi mpamene maso anga anatseguka. Kunali kamtsikana ka alamu anga, kolongolola zedi, nthano kamatha, nyimbo za kutchalitchi kamaloweza kamodzi kokha, koma lipoti la kusukulu limabwera loti mwanayu sayankhula mkalasi ndipo akutsalira. Kunyumba Chitumbuka, buku mChichewa, lamulo likuti Chingerezi, mwana wake wa zaka 6. Zinandipweteka kwambiri ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Mukayang'ana mbiri yake muona kuti anawa takhala tikuwasinthira zinthu kuchokera kumwamba. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka chimene amishoni a Livingstonia ankaphunzitsira ana chinachotsedwa msukulu ndi pa wailesi pomwe. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anadzadza mmakalasi mpaka pansi pa mitengo. Mu 1996 unduna unatulutsa kalata yoti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira mchiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a ziyankhulo zimenezo sanatsatire. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linabwera nkunena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, 2014 nkulengeza kuti kuyambira Sitandade 1 pomwe. Nde funso langa linali losavuta kumva: mphunzitsi amene ali kuseri kwa Euthini uko, alendo akachoka, kwenikweni amatani ndi ana amenewa?

Ndinalembetsa mu 2019 pa yunivesite ina ku South Africa, part-time, ndikugwirabe ntchito kuno. Ambiri timasankha ku Joni chifukwa cha mgwirizano wa maphunziro wa maiko a SADC umene unasainidwa ku Blantyre konkuno mu 1997, umene umati wophunzira wa mdera lino azilipira fizi ngati mwana wa dzikolo, ngakhale pamwamba pake amawonjezerabe kandalama ka ophunzira akunja. Kuntchito anavomera kundilipirira gawo lina ndi kundipatsa study leave nthawi zina, ine nkusaina bondi, gawo lotsala linali la mthumba mwathu. Ulendo wopita kukaonana ndi supavaiza unali wa pa basi pamodzi ndi anyamata a ku Mzimba opita kukasaka maganyu, kudutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kufika miyendo itatupa koma mtima uli mmwamba. Chaka choyamba chija ndinkasangalala, sindibisa. Ndinkawerenga mpaka usiku, pulopozo inadutsa, chilolezo cha ethics, komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, ndinatenga mbali zonse ziwiri, kuyunivesite ndi kuno kwathu, makalata a kwa DEM, mkulu woyang'anira sukulu za mboma limenelo, ali mmanja, ma headteacher andilandira kale.

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Munthu amene kafukufuku wake ndi wokhala kumbuyo kwa kalasi nkumamvetsera, sukulu zikatsekedwa ndiye kuti manja amangidwa, palibe za Zoom ku sukulu yopanda magetsi. Zinatsegulidwa pang'onopang'ono kumapeto kwa chakacho, Januwale 2021 nkutsekanso, zitangoti zitsegulidwe aphunzitsi nkuyamba sitiraka yofuna ndalama ya chiopsezo, ndipo ngakhale atabwerera kalasi yake sinali ija ndimafuna kuiona, ana ogawidwa mmagulu, aphunzitsi akuthamangitsa silabasi. Deta ndinadzatolera ndithu koma mochedwa. Nthawi yoti ndikhale pansi kumvetsera zimene ndinajambula nkumazilemba liwu ndi liwu, ziyankhulo zitatu zosakanikirana pamwamba pa phokoso la ana, inakumana ndi namondwe Ana amene anawononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi kuthima tsiku lonse, batire la laputopu lotha kale. Amene mumakhala ku Mzuzu mukudziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi ndi kamvula kaja kosakata, nde muganize munthu wadzuka 2 koloko usiku chifukwa mpamene magetsi ayaka, wafunda bulangete, mahedifoni kukhutu, 7 koloko akuyenera kukhala ali pantchito.

Pakatikati pomwepo supavaiza amene ndinayamba naye anapuma pantchito. Amene anandipatsa mmalo mwake ndi munthu wabwino, amayankha imelo, amawerenga zenizeni osati kungodutsamo, koma amaona nkhani za ziyankhulo mwa njira ina, nde chaputala 2 ndi 3 zinafunika kugumula nkumanganso. Sindikumudandaula, dzina lake limakhala pa thesis, buku la kafukufukuyo, sangasaine chinthu chimene sakugwirizana nacho.

Kenako kwacha. Fizi yanga ndi ya ma rand, malipiro anga ndi a makwacha. Meyi 2022 kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha mma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi, ndipo ngakhale ukhale nayo ndalamayo, forex kubanki inali yodikirira. Gawo la kuntchito linali lokhazikika mmakwacha, nde kusiyana konse kunagwera ife. Mwana wathu woyamba anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Munali miyezi imene ine ndi abambo akunyumba tinkakhala pa tebulo ndi pepala ndi bolopeni, fizi ziwiri, lendi, chimanga chotumiza ku Ntcheu, feteleza wa ku Rumphi, nkungoyang'anizana.

Koma ndikanama ndikanena kuti ndasiya chifukwa cha kwacha kapena Covid kapena magetsi. Ndili ndi mnzanga wa kuntchito, tinayamba nthawi yofanana, mavuto omwewa anakumana nawo, iye nkuwonjezerapo maliro a amuna ake, koma anamaliza ndipo ndinavina pa phwando lake mpaka thukuta. Iye ukamupeza watopa, akulira kumene, ukangomufunsa za kafukufuku wake nkhope imasintha, amayamba kukufotokozera pepala limene wawerenga dzulo ndi limene akufuna kudzalemba akamaliza. Zimene zinkamutopetsa zinali za panjira, ntchito yeniyeniyo ankaifuna. Kumuyang'ana iyeyo nde kumene kunandithandiza kudziona ndekha.

Ine ndinayamba kuona kuti tsiku likapezeka lopanda kalasi, mmalo motsegula thesis ndinkapempha kuti ndipite ndi anzanga kukayendera ophunzira athu amene ali pa teaching practice, kukwera njinga yamoto mmatope, kukhala kumbuyo kwa kalasi, pambuyo pake nkukhala ndi mtsikana amene manja amanjenjemera pogwira choko nkumuuza kuti apa wachita bwino, apa ana anakutaya chifukwa chakuti. Ndikabwerako ndimakhala wamoyo. Poyamba ndinkati mwina ndi kuthawa chabe, munthu aliyense amathawa chovuta. Koma zaka zinapita zili chonchi, ndipo tsiku lina ndinadzifunsa kuti chabwino, ndamaliza, ndavala gauni, Lolemba lotsatira ndikufuna ndidzakhale ndikutani? Yankho linali ntchito yomweyi ndikugwirayi. PhD si Masters yaikulu ngati mmene ambiri timaganizira polowa, ndi maphunziro okonza munthu kuti akhale wofufuza moyo wake onse, kulemba mapepala a mma journal, magazini a ofufuza aja, kusaka ndalama za ma grant, kupita kumisonkhano, kuyang'anira ophunzira ena a kafukufuku. Ndi ntchito yabwino ndipo dziko lathu likuifuna kwambiri, koma ine nditailawa ndapeza kuti siimene mtima wanga uli. Chimene ndimafuna kudziwa ndachidziwa, ndinachiona ndi maso mmakalasi muja. Chimene chinatsala chinali zaka zina zochikonza mchiyankhulo choti anthu atatu kapena anayi akunja achivomereze.

Anthu amakonda kunena kuti "mwatsala pang'ono, ingopirirani," ndipo amanena ndi chikondi. Koma pang'ono pa PhD pali ngati nyumba imene yafika pa mawindo, odutsa mumsewu amati yatha, mwini wake yekha nde amadziwa kuti malata, matabwa, simenti ya pulasitala, mawaya, zonsezo zimaposa zimene waika kale. Kwa ine kunatsala kumanganso machaputala awiri aja, kulemba a zotsatira, kutumiza pepala ku journal chifukwa kumene ndili thesis saitumiza kwa ma examiner usanatumize pepala, kudikira ma examiner miyezi, kukonza zimene anena, chaka chilichonse fizi ikuwerengedwa. Ndinamufunsa supavaiza mosabisa kuti Prof, mundiuze zoona, mmene ndikuyenderamu zitenga nthawi yaitali bwanji? Anandiyankha moona mtima, ndipo yankho lake linali kupitirira malire a zaka zimene yunivesite imalola munthu kukhala mkaundula popanda kupempha mwapadera. Ndimamuthokoza chifukwa chosandinyengerera.

Kovuta kwenikweni kunali kwa anthu. Kumpoto kuno sukulu si nkhani yamasewera, anthu amanyadira kuti mishoni ya Livingstonia inakhazikika ku Khondowe mu 1894 ndipo kuchokera pamenepo mabanja akhala akugulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire. Kutchalitchi anayamba kale kundiitana kuti a Dokotala, ndikakana amvekere "ndi zomwezo, tikungoyamba kuzolowera." Apongozi anga aamuna ndi mphunzitsi wopuma, munthu amene anandilandira ngati mwana wawo ndipo nditalembetsa anapha mbuzi. Nditawauza anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, "A mkamwana, Legson Kayira ananyamuka wapansi kuchoka kumpoto konkuno mu 1958 mpaka kukafika ku Khartoum kufuna sukulu ya ku America. Inu basi ikukunyamulani mpaka pakhomo pa yunivesite. Kuona maso a nkhono nkudekha." Sindinawayankhe zambiri, munthu suyankha apongozi ngati mnzako, ndinangoti adada ndamva, ndipo ndaganiza nthawi yaitali. Mpaka pano sanasangalale nazo ndipo sindikuwakakamiza kuti asangalale. Mawu awo ali ndi kulemera, anthu a msinkhu wawo anatsekeredwa makomo amene ife tikuwapeza otsegula.

Mawu amene anandigwedeza kuposa onse anachokera kwa mnzanga uja anamaliza. Anati, "Achemwali, tsiku limene ku unduna adzakhale pansi kukambirana za chiyankhulo cha mkalasi, adzaitana ma Dokotala ndi ma Pulofesa, ambiri aamuna, ambiri oti kalasi ya Sitandade 1 ya kumudzi anailowa kalekale. Inu mwakhalamo, mwamva, nde mukufuna musiye mpando umenewo?" Zimenezi ndi zoona ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Dziko lathu limamvera mayina a patsogolo, ndipo azimayi amene ali ndi dzina limeneli ndi ochepa. Ndinasowa tulo nazo. Chimene ndinafikapo nchakuti mpando umenewo ndi weniweni koma ndi wa tsiku limodzi pa zaka zingapo, pomwe aphunzitsi amene amadutsa mmanja mwanga chaka ndi chaka amakaima patsogolo pa ana tsiku lililonse, ndipo zaka zapitazi ndakhala ndikuwapatsa theka la ine, theka lina lili ku chaputala 3. Ndikutaya kanthu posiya, ndikudziwa, ndasankha kutaya chimenecho.

Abambo akunyumba anandiuza kuti, "Amayi, mukafuna kupitiriza tigulitsa puloti ija ya ku Dunduzu, mukafuna kusiya tibweza za eni ake pang'onopang'ono, koma chimene sindikufuna ndi chakachi chimene tikukhala nacho, simukulemba koma simukupumanso." Ananena zoona. Chaka chathachi ndinali munthu wolipira fizi koma osalemba, wopita ku ukwati koma mtima ukundiimba mlandu kuti ndikanakhala ndikuwerenga, wokalipira ana popanda chifukwa. Anthu ambiri amene amati "ikuyenda" ali pamenepo, ndipo malo amenewo nde oipa kuposa kumaliza kapena kusiya.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mukuwerenga izi pakati pa usiku muli ndi funso lomweli, chifukwa sindikufuna wina adzati ndinasiya chifukwa mayi uja wa ku Mzuzu anasiya. Ambiri a inu simukuyenera kusiya. Ngati vuto ndi supavaiza wosayankha kapena wonyoza, mayunivesite amakhala ndi njira yopemphera wina kapena kuwonjezera wachiwiri, pitani kwa oyang'anira maphunziro a postgraduate, lembani kalata, sungani ma imelo. Ngati ndi ndalama kapena matenda kapena maliro, pali kuimitsa kaye mwalamulo, leave of absence, imene mmalo ambiri imaimitsa wotchi ndi fizi yomwe, koma muyenera kupempha nthawi yake isanadutse, osati kungosowa. Ngati ndi mabuku, musadzimvere chisoni kuti kuno kulibe, inde laibulale ya Mzuni inapsa mu Disembala 2015 ndipo tonse tinamva kuwawa, koma Malawi ali mgulu la maiko amene masukulu ake amatha kuwerenga ma journal ambiri ulere kudzera ku Research4Life, ndipo ma journal ambiri amachotsera kapena kuchepetsa ndalama yosindikizira kwa olemba a maiko ngati lathu mukapempha, funsani a laibulale, amadziwa zambiri kuposa mmene timawaganizira. Ngati ndinu lekichala pa yunivesite ndipo mukufuna kukalamba pantchito imeneyo, dziwani kuti popanda PhD kukwera kumavuta, werengani malamulo a promotion a kwanuko musanasaine chilichonse.

Ndipo ngati simukugona, simukudya, palibe chimene chikukukomerani, osati thesis yokha komanso ana, tchalitchi, mpira, chilichonse, chonde musagamule kaye nkhani ya sukulu. Mutu ukadwala umakunamiza kuti ndiwe wolephera pa zonse. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi, a St John of God amathandiza za maganizo ndipo kupitako si misala. Ine ndinakaonana ndi mlangizi ndisanalembe kalata yanga, chifukwa ndimafuna kutsimikiza kuti amene akusankha ndi ine osati kutopa. Ndinatenganso leave kaye. Mpumulo utatha tulo tinabwerera, chakudya chinayamba kukoma, kuseka kunabwerera, koma chilakolako cha thesis sichinabwerere. Mnzanga uja atapuma mwezi umodzi anachita kuithamangira laputopu. Ngati mukufuna muyeso, umenewu nde umene unandithandiza ine.

Mukatsimikiza kuti mukusiya, siyani mwadongosolo. Lembani kalata yochotsa dzina lanu mkaundula, chifukwa mukangosowa mmalo ena ngongole imapitirira kukula ndipo tsiku lina mukadzafuna transcript kapena kalata iliyonse adzakuuzani kuti lipirani kaye. Funsani ngati ntchito imene mwagwira ingakupatseni digiri ina yocheperapo, ku Britain mayunivesite ena amapereka MPhil kwa amene sanafike kumapeto, kumene ndinali ine njira imeneyo panalibe koma kufunsa sikulipiritsa. Werengani bondi yanu mzere ndi mzere musanakumane ndi abwana, mudziwe ngati mukubweza ndalama kapena zaka za ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo pitani nokha kukanena asanamve kwa ena. Ine ndinalowa mu ofesi mtima ukugunda, tinakambirana, tinagwirizana kuti azidula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Zipweteka kwa kanthawi koma ndi ndalama za eni ake, zikanatha kuphunzitsa wina. Amayi anga nditawauza, funso lawo loyamba silinali la udokotala, anati, "Mwanawe, nanga za anthu zija unatenga ubweza bwanji?" Nditawafotokozera za kudula pa malipiro anagwedeza mutu nkunena kuti, "Ndi okhawo unawatengera kanthu?"

Funso limenelo landigwira mpaka lero chifukwa ayi, si okhawo. Pali aphunzitsi amene anandilola kukhala mkalasi mwawo ndi chojambulira mawu, chinthu choopsa kwa munthu amene akudziwa kuti zimene amachita sizimene lamulo likunena. Anandiphikira nsima ya nkhuku mnyumba zodontha, ena anandiperekeza wapansi mpaka pamsewu. Ndipo zimene ndinaona ndi zoti anthu azidziwe. Mphunzitsi amayamba ndi mawu a Chingerezi monga buku likunenera, ana nkubwereza onse pamodzi ngati nyimbo, akaona maso awo kuti palibe chalowa amabwereza mChichewa, kenako amatsitsa mawu nkufotokoza mChitumbuka, ndipo pamenepo mpamene manja amakwera, ana kuyamba kufunsa, kutsutsana, kuseka. A PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, kapena mlendo wina akangotulukira, kalasi yonse imabwerera ku Chingerezi choimba chija. Aphunzitsi otumizidwa kuchokera kuchigawo chapakati kapena kummwera, amene Chitumbuka sanachigwire, amasankha mwana mmodzi wochangamuka kukhala womasulira, kamwana ka Sitandade 2 kakugwira ntchito ya munthu wamkulu. Ndipo izi ndi Mzimba ndi Rumphi chabe, ku Nkhata Bay kuli Chitonga, ku Karonga Kyangonde, ku Chitipa nde ziyankhulo zake zambirimbiri. Chimene chinandikhudza kwambiri nchakuti aphunzitsiwa amachita zimenezi mobisa ngati akuba, pomwe ndi luso lalikulu, ndi luso limene likupangitsa kuti ana aphunzireko kanthu, ndipo palibe amene anawaphunzitsa kapena kuwauza kuti mukuchita bwino, tiyeni tikonze apa ndi apa.

Mayi wina wa Sitandade 1, tsiku lomaliza, anandigwira dzanja nkunena kuti, "Madam, ambiri amabwera ndi mafomu awo nkupita, inu mudzabwere mudzatiuze zimene mwapeza." Pa fomu ya chilolezo imene anasaina ndinalembapo kuti ndidzatero. Lonjezo limenelo silinali la yunivesite, linali langa, ndipo silikutha chifukwa choti dzina langa lachoka mkaundula. Ndinamufunsa supavaiza za deta, chifukwa nayonso ili ndi malamulo ake, suingangoitenga nkumachita nayo zimene ukufuna, mayina a anthu ndi a sukulu ayenera kubisidwa monga tinalonjezera ku komiti ya ethics. Tagwirizana kuti tilembe pepala limodzi pamodzi, lopanda chikakamizo cha digiri, kuti zimene aphunzitsi aja anandipatsa zikhale pamalo poti wofufuza wina adzazipeze nkupitiriza. Mwina adzakhala mmodzi wa ophunzira anga, alipo angapo amene ndimawaona kuti ali ndi mtima wa kafukufuku umene mnzanga uja ali nawo, ndipo amenewo ndidzawakankha ndi mphamvu zanga zonse kuti apite mpaka kumapeto.

Kupatula pepalalo ndikulemba kalipoti kakafupi, masamba ochepa, mChichewa chosavuta, alamu anga ena amene ndi mphunzitsi avomera kukaika mChitumbuka chabwino chifukwa changa ndi chapamsika. Mulibe mawu akuluakulu, muli zimene ndinaona, njira zimene zinkaoneka kuti zikuthandiza ana ndi zimene zinkawasokoneza, monga kusintha chiyankhulo pakati pa chiganizo mmalo momaliza ganizo lonse kaye. Temu ikubwerayi ndayamba kukambirana ndi ma PEA a mazoni amene ndinagwirako kuti andipatse mpata pa ma TDC, malo osonkhanira aphunzitsi a mzoni, tsiku limene aphunzitsi amakumana kale, kuti pasakhale nkhani ya ma alawansi, thiransipoti ndilipira ndekha. Mkalasi mwanga namonso ndayamba kale kuwapatsa ophunzira anga mpata woyeserera kuphunzitsa phunziro limodzi mziyankhulo ziwiri poyera, mwadongosolo, osati mobisa.

Ngati ndinu mphunzitsi wa Sitandade 1 mpaka 4 kulikonse kuno kumpoto, kapena ku Mangochi ndi Machinga kumene ana a Chiyao akukumana ndi zomwezi, kapena ku Nsanje ndi Chikwawa kwa Chisena, ndipo mukufuna kalipotika kakatha, ndiuzeni ndidzakutumizirani pa WhatsApp, ndi kaulere. Ndikufunanso kumva mmene inuyo mumachitira mkalasi mwanu, makamaka amene mumaphunzitsa masamu, chifukwa mbali imeneyo deta yanga ndi yochepa.